Ma VLAN andisokonezera netiweki ya pa loji, ndalakwitsa pati?

Funso: "Akatswiri, ndimayang'anira loji yaing'ono ya zipinda 12 ku Senga Bay, ku Salima. Tili ndi rauta imene inabwera ndi intaneti, switch ya ma port 8 ya mtundu wa smart, ma access point (timakina toulutsa Wi-Fi) awiri, makompyuta awiri ku resepushoni, pulinta imodzi ndi NVR (makina osunga zithunzi) ya makamera. Tsiku lina mlendo anasindikiza pepala pa pulinta yathu ali kuchipinda kwake, pa foni chabe, ndipo ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Nditaonera kanema pa intaneti ndinapanga VLAN 10 ya ofesi, 20 ya alendo ndi 30 ya makamera. Ma port onse ndinawachotsa mu VLAN 1 n'kuwachonga Tagged. Nthawi yomweyo makompyuta anataya intaneti, mafoni a alendo ankangozungulira osalandira adiresi ya IP, ndipo tsamba la switch linasiya kutseguka mpaka ndinaipanga reset. Ulendo wachiwiri ndinaseta zochepa, zinaoneka ngati zikuyenda, koma magetsi atathima n'kuyakanso zonse zinafufutika. Kodi switch ndi yakufa? Ndigule china, kapena vuto ndi ineyo?"

Bambo, khazikani mtima pansi, palibe chimene chapsa. Switch yanu inachita ndendende zimene munaiuza. Zimene mwalembazi ndi mavuto anayi osiyana amene anangokupezani nthawi imodzi. Atatu mwa iwo amatha ndi kuchonga mabokosi oyenera, ndipo limodzi lokha, la rauta, ndi limene lingakudyereni ndalama. Maganizo olekanitsa alendo ndi ofesi ndi abwino, musawasiye.

Tiyambe ndi chimene VLAN imachita. Pa switch wamba ma port onse ali pabwalo limodzi: chipangizo chimodzi chikafuula, zonse zimamva. Pulinta yanu imalengeza kawirikawiri kuti ilipo, foni ya mlendo inamva, n'chifukwa chake anasindikiza popanda kufunsa munthu. VLAN imadula switch imodzi kukhala ngati ma switch angapo osamvana. Vuto limabwera pa kebulo imodzi yopita ku rauta kapena ku access point, chifukwa imayenera kunyamula manetiweki onse pamodzi. Taganizirani mabelo a fodya. Belo likakhala m'shedi ya mwini wake silifuna chizindikiro, aliyense akudziwa kuti ndi la ndani. Likakwera lole imodzi ndi mabelo a alimi ena kupita ku okushoni, pamafunika tiketi yake. Tag ndi tiketi imeneyo. Ndi ma byte 4 amene switch imalowetsa mu frame iliyonse, ndiye kuti kaphukusi ka uthenga koyenda pa kebulo, motsata muyezo wa IEEE 802.1Q, umene unatuluka mu 1998. Mkati mwake muli nambala ya VLAN, kuyambira 1 mpaka 4094, ndipo frame imene kukula kwake kumathera pa ma byte 1518 imafika 1522.

Kompyuta ya ku resepushoni, pulinta ndi NVR sizidziwa za tiketi. Zimatumiza ma frame opanda tag ndipo zimayembekezera kulandira opanda tag. Mutachonga Tagged pa ma port awo, switch inayamba kuzitumizira ma frame okhala ndi ma byte 4 achilendo, ndipo zipangizo zambiri zimangotaya frame yotere. Ili ndi vuto loyamba. Port ya chipangizo wamba iyenera kukhala Untagged mu VLAN imodzi yokha, ndipo a Cisco amaitcha access port. Port yopita ku chipangizo chodziwa ma tag, monga rauta, access point kapena switch ina, ndi imene imakhala Tagged mu ma VLAN angapo, ndipo imatchedwa trunk.

Apa pali msampha umene umakola anthu ambiri pa ma switch a smart otsika mtengo, monga a TP-Link Easy Smart ndi a Netgear Plus. Port iliyonse ili ndi mafunso awiri, ndipo mayankho ake amakhala pa masamba awiri osiyana. Tsamba la 802.1Q VLAN limayankha kuti frame ikamatuluka pa port iyi, ituluke ndi tag kapena ayi. Tsamba la PVID limayankha kuti frame ikalowa pa port iyi ilibe tag, iikidwe mu VLAN iti. Mukaika port 4 kukhala Untagged mu VLAN 10 koma PVID n'kuisiya pa 1, zochokera ku kompyuta zimalowa mu VLAN 1 pamene switch ikuyembekezera kuitumizira za VLAN 10. Ngati port ija munaichotsa mu VLAN 1, kompyuta imangokhala duu. Ngati simunaichotse, zimakhala zoipa kuposa apo: intaneti imayenda bwinobwino, inu n'kumati ntchito yatheka, chonsecho kompyuta ikadali pabwalo lakale limodzi ndi aliyense. Ndikuganiza kuti izi ndi zimene zinachitika ulendo wanu wachiwiri uja pamene zinaoneka ngati zikuyenda. Pa port ya chipangizo wamba, nambala ya Untagged ndi ya PVID zifanane nthawi zonse.

Kutsekeka kwa tsamba la switch n'kosavuta kufotokoza. Pa ma switch ambiri tsamba lowongolera limakhala mu VLAN 1. Mutachotsa ma port onse mu VLAN 1, munatseka chitseko makiyi ali m'kati.

Tsopano nkhani yaikulu, ya rauta. Switch imangolekanitsa, sigawa ma adiresi ndipo silumikiza VLAN ina ndi intaneti. VLAN iliyonse ndi netiweki payokha, choncho imafuna ma adiresi akeake, khomo lake lotulukira (gateway) ndi DHCP yake, imene imagawa ma adiresi kwa zipangizo. Zonsezi zimachokera ku rauta. Ma rauta ambiri obwera ndi intaneti, kaya a 4G kaya a faiba, amadziwa netiweki imodzi yokha ya m'nyumba ndipo ma port awo sawerenga tag. Foni ya mlendo inapempha adiresi, access point inaikapo tag 20, switch inanyamula mpaka ku rauta, rauta n'kusalabadira. Foni inangozungulira podikira yankho limene silikanabwera. Lowani m'tsamba la rauta yanu mufufuze ngati ingapange manetiweki angapo a m'nyumba (LAN), aliyense ndi nambala ya VLAN. Chenjerani, ena amakhala ndi mawu oti VLAN pansi pa WAN kapena IPTV, koma zimenezo ndi za mbali ya kampani ya intaneti, sizikuthandizani.

Ikapezeka kuti singathe, pafunika rauta yachiwiri pakati pa iyo ndi switch. Pa malo a msinkhu wanu, MikroTik hEX kapena TP-Link ER605 ikukwana, chimodzimodzinso gateway ya UniFi, rauta yoikidwa OpenWrt, kapena kompyuta yaing'ono yokhala ndi pfSense kapena OPNsense. Ngati ma access point anu ndi a Omada kapena a UniFi, kugula rauta ya banja lomwelo kumapeputsa ntchito chifukwa zonse zimasetedwa pamalo amodzi. MikroTik imachita zambiri pa mtengo wake koma siikhululukira munthu wongoyamba. Rauta yakale ija ilumikizeni ku port ya WAN ya yatsopanoyo, muzimitse Wi-Fi yake, chifukwa aliyense wolowera pa Wi-Fi imeneyo amakhala kunja kwa mpanda wonse umene mukumangawu. Ngati ili ndi bridge mode, imene imangodutsitsa intaneti kupita ku rauta yatsopano, itsegulani. Ngati ilibe, zinthu zimayendabe, kungoti NAT, kusintha ma adiresi a m'kati kukhala a kunja, imachitika kawiri. Amene ali ndi Starlink, imene inafika m'Malawi mu 2023, rauta yake ili ndi bypass mode yochitira zomwezi.

Musanakhudze batani lililonse, tengani pepala. Ma adiresi ndimakonda kuti azifanana ndi nambala ya VLAN kuti munthu akangoona adiresi adziwe kumene ali: ofesi 192.168.10.0/24, alendo 192.168.20.0/24, makamera 192.168.30.0/24, ndipo rauta itenge .1 m'netiweki iliyonse. /24 iliyonse imapereka ma adiresi 254. VLAN 1 isiyeni ikhale ya zipangizo za netiweki zokha, ndiye kuti switch, ma access point ndi rauta, muipatse 192.168.99.0/24. Pewani manambala amene rauta ya kampani ikugwiritsa kale ntchito, omwe nthawi zambiri ndi 192.168.0, 192.168.1 kapena 192.168.8. Pewaninso 192.168.100 ngati muli ndi Starlink, chifukwa dishi yake imayankha pa 192.168.100.1. Netiweki ya ku WAN ikafanana manambala ndi ya m'kati, rauta imasokonezeka posadziwa kotumiza.

Ma port 8 aja ndingawagawe motere. Port 1 ndi 2 za ma access point, chifukwa pa ma switch ambiri a ma port 8 magetsi a PoE, odutsa m'kebulo ya netiweki, amakhala pa ma port anayi oyambirira okha, koma muone kaye zolembedwa pa yanu. Ziwirizi zikhale Untagged mu VLAN 1, PVID 1, ndipo Tagged mu 10 ndi 20. VLAN 30 isafikeko, palibe kamera ya Wi-Fi imene ikuifuna. Port 3 ya NVR, Untagged 30, PVID 30. Port 4 ndi 5 za makompyuta ndi port 6 ya pulinta, zonse Untagged 10, PVID 10. Port 8 ya rauta, Untagged 1, PVID 1, Tagged mu 10, 20 ndi 30. Port 7 musalumikizepo kanthu. Ikhale mu VLAN 1 monga inabwerera, mumatepo kapepala kolembedwa kuti yopulumukira. Tsiku limene mudzalakwitse, mudzalumikiza laputopu pamenepo m'malo mofunafuna kawaya kobayira pa bowo la reset.

Ndondomeko yake ndi yofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Yambani ndi rauta payokha, laputopu italumikizidwa mwachindunji. Netiweki yobwera nayo rauta ikhale ya VLAN 1 ija, 192.168.99, ndipo pangani manetiweki atatu enawo, aliyense ndi nambala ya VLAN, adiresi ya .1 ndi DHCP yogawa, tinene, kuyambira .100 mpaka .250. Kenako pitani ku switch kudzera pa port 7, muipatse adiresi yosasintha ya 192.168.99.2, musinthe pasiwedi yobwera nayo, musunge. Dziwani kuti mukangosintha adiresi ya switch tsamba lizimiririka mpaka laputopu italowa mu 192.168.99 nayonso, si vuto ayi. Mukatero pangani VLAN 10, muchonge port 8 Tagged ndi port 4 yokha Untagged, musinthe PVID ya port 4 kukhala 10, ndipo pomaliza muchotse port 4 mu VLAN 1. Ma switch ena amakana kuchotsa port mu VLAN 1 PVID yake isanasinthe, choncho tsatani dongosolo limeneli. Yesani kompyuta ya pa port 4. Ikalandira adiresi yoyamba ndi 192.168.10, njira mwaipeza, bwerezani pa ma port otsalawo imodzi imodzi. Mukasintha zisanu nthawi imodzi n'kufa, simudziwa chimene chapha.

Mukasuntha kompyuta kupita ku VLAN ina, imagwiritsitsa adiresi yakale kwa kanthawi. Zulani kebulo n'kubwezeranso, kapena pa Windows lembani ipconfig /release kenako ipconfig /renew. Pulinta ndi NVR nthawi zambiri zimakhala ndi adiresi yolembedwa pamanja. Zisintheni musanazisamutse, pulinta ikhale 192.168.10.20, NVR ikhale 192.168.30.10, iliyonse ndi gateway ya netiweki yake. Mukaiwala gateway pa NVR, zithunzi zioneka pa sikirini yake koma simudzazipeza kuchokera ku ofesi kapena pa foni.

Port ya access point imasokoneza chifukwa imachita ziwiri nthawi imodzi. Access point yeniyeniyo, pofuna adiresi yake ndi polankhula ndi pulogalamu yoiwongolera, imatumiza ma frame opanda tag, pokhapokha mutaisintha dala. N'chifukwa chake port yake ili ndi Untagged 1. Ma SSID, omwe ndi mayina a Wi-Fi ooneka pa foni, ndi amene amanyamula tag: wa antchito mumulembere VLAN 10, wa alendo VLAN 20. Mukachotsa VLAN 1 pa port imeneyi, Wi-Fi mwina ioneka pa mafoni koma access point isowa pa pulogalamu yoiwongolera. Cholakwa china chofala ndi kulemba VLAN 20 pa SSID pamene port ili Untagged 20. Mbali imodzi ikumata tiketi, inayo ikubweza mayankho opanda tiketi, ndipo foni silandira kanthu. Onetsetsaninso kuti ma access point anu amatha kumanga SSID ku VLAN. A malonda monga UniFi ndi Omada amatha, koma rauta ya m'nyumba yosandutsidwa access point nthawi zambiri singathe. Ma SSID asachuluke, awiri kapena atatu akwana, chifukwa aliyense amalengeza dzina lake pafupifupi ka 10 pa sekondi ndipo zimenezi zimadya mpata wa mlengalenga. Pa 2.4 GHz, access point imodzi ikhale pa tchanelo 1, inayo pa 6 kapena 11.

Akatswiri a m'makampani akuluakulu angandidzudzule posiya zipangizo mu VLAN 1. Iwo amasamutsira uwongoleri ku VLAN ina ndipo pa trunk salola chilichonse chopanda tag. Ali ndi zifukwa zomveka, chimodzi mwa izo ndi chinyengo chomata ma tag awiri pa frame imodzi kuti idumphire VLAN ina, chimene chimatheka munthu akalumikizidwa mu VLAN yoyenda yopanda tag pa trunk. Koma pa loji ya zipinda 12, yoyang'aniridwa ndi munthu amene alinso ndi ntchito zina, ngozi yodzitsekera kunja ndi yaikulu kuposa imeneyo. Chofunika n'chakuti mu VLAN 1 musakhale mlendo kapena wantchito aliyense, switch ikhale m'kabati yokiya, ndipo ma access point akhomedwe pamwamba. Munthu akazula kebulo ya access point n'kulumikiza laputopu yake, walowa mu VLAN 1. Ma soketi a netiweki a m'zipinda, ngati alipo, akhale mu VLAN 20 kapena muwazimitse. Dziwaninso kuti ma switch ena otsika mtengo amayankha tsamba lawo lowongolera pa port iliyonse posatengera VLAN, ndiye pasiwedi ikhale yolimba.

Mukafika apa aliyense ali ndi adiresi ndi intaneti, ndipo ambiri amaima pomwepa. Koma mlendo uja akhozabe kufika pa pulinta. Ntchito ya rauta ndi kulumikiza manetiweki, ndipo ma rauta ambiri, kuphatikizapo MikroTik ndi UniFi, amalola VLAN ina kulankhula ndi inzake mpaka mutawaletsa. Mpanda weniweni ndi malamulo a firewall, amene amawerengedwa kuchokera pamwamba kutsika, ndipo loyamba kugwirizana ndi limene limagwira ntchito. Pamwamba penipeni pakhale lamulo lolola established ndi related, kutanthauza mayankho a zokambirana zimene zinayambika movomerezeka. Pansi pake, lolani VLAN 10 kufika pa 192.168.30.10 kuti resepushoni izionera makamera, ndiponso kompyuta yanu yokha kufika mu 192.168.99. Kenako letsani VLAN 20 kupita ku ma adiresi onse a m'kati, omwe ndi 10.0.0.0/8, 172.16.0.0/12 ndi 192.168.0.0/16. Kutchula magulu atatu onsewa kumateteza ngakhale VLAN imene mudzawonjezere chaka chamawa, komanso tsamba la rauta ya kampani ija. VLAN 30 iletseni kuyambitsa kukambirana ndi ofesi. Ngati mumaonera makamera pa foni muli kutali, NVR yokha ndi imene ipatsidwe intaneti.

Pali khomo lina limene limaiwalika: rauta yeniyeniyo. Malamulo a zodutsa pa rauta ndi osiyana ndi a zopita kwa rauta. Mlendo akalemba 192.168.20.1 mu bulawuza akhoza kupeza tsamba lolowera. Kwa alendo rauta iyankhe DHCP pa UDP 67 ndi DNS, yomasulira mayina a masamba kukhala ma adiresi, pa port 53 basi, zina zonse ikane. Pa SSID ya alendo tsegulaninso client isolation, yoletsa mafoni a alendo kulankhulana okhaokha, chifukwa mafoni awiri a mu VLAN imodzi amalankhulana osadutsa pa rauta, firewall siwaona n'komwe. Ikaninso malire a liwiro pa mlendo aliyense, apo ayi mmodzi wokopera mafilimu adya bandulo ya onse. DHCP ya alendo ipereke adiresi kwa maola 8 kapena kucheperapo, popeza mafoni a masiku ano amasintha adiresi ya MAC, nambala yodziwikira chipangizo, ndipo ma adiresi amatha msanga kumapeto a sabata.

Mukalekanitsa, zinthu zina zimene zinkangodzipeza zokha zisiya. AirPrint, Chromecast ndi kufufuza pulinta zimadalira mDNS, njira imene zipangizo zimadzilengezera, imene imayenda pa UDP 5353 ndipo sidumpha malire a VLAN. Kwa alendo ndi zimene mukufuna. Kwa antchito palibe vuto chifukwa Wi-Fi yawo ili mu VLAN 10 pamodzi ndi pulinta. Zingavute mukadzaika ma TV m'zipinda kuti alendo azitumizako makanema kuchokera pa foni, chifukwa client isolation iletsa zimenezo. Imeneyo ndi ntchito ina payokha.

Mukasankha MikroTik, pali zinthu zitatu zoti mudziwiretu. Ma port ether2 mpaka ether5 amabwera ali mu bridge, olumikizidwa pamodzi ngati switch imodzi, choncho ma interface a VLAN amangidwe pa bridge, osati pa ether2. Firewall yobwera nayo imakana zopita kwa rauta kuchokera ku interface iliyonse imene sili pa mndandanda wa LAN, ndiye VLAN yatsopano imalandira adiresi koma DNS ya rauta osayankha. Chizindikiro chake n'chakuti ping 8.8.8.8, yoyesa ngati adiresi ya pa intaneti ikuyankha, ikuyenda koma masamba sakutseguka. Chachitatu, mukafuna kutsegula vlan-filtering pa bridge, chikhale chomaliza, bridge yeniyeniyo mutailemba kale ngati tagged mu VLAN iliyonse, ndipo dinani kaye Safe Mode mu Winbox, pulogalamu yowongolera MikroTik. Mukaduka, rauta imabweza yokha zimene munasintha.

Ena amagula Cisco yogwiritsidwa kale ntchito monga Catalyst 2960. Pamenepo PVID siioneka padera, lamulo limodzi limachita zonse ziwiri. Port ya kompyuta:

switchport mode access
switchport access vlan 10
spanning-tree portfast

Port ya rauta:

switchport mode trunk
switchport trunk allowed vlan 1,10,20,30

Tsiku lowonjezera VLAN 40 mulembe switchport trunk allowed vlan add 40. Mukaiwala mawu oti add, mndandanda wonse umafufutika n'kutsala 40 yokha, netiweki yonse zii. Manambala 1002 mpaka 1005 ndi osungidwa, musawagwiritse ntchito. Komanso write erase sichotsa ma VLAN a mwini wake wakale, amakhala mu fayilo ya vlan.dat imene imafufutidwa payokha. Poona mmene zilili, show vlan brief ndi show interfaces trunk zikuuzani pafupifupi zonse.

Zikakanika, adiresi imene chipangizo chalandira imanena kumene vuto lili. Yoyamba ndi 169.254 ikutanthauza kuti DHCP sinayankhe ndipo kompyuta yadzipatsa yokha. Tsatani njira ya frame port ndi port: PVID ya polowera, kenako ngati VLAN imeneyo ili Tagged pa port 8, kenako ngati rauta ili ndi DHCP pa VLAN imeneyo. Adiresi ya 192.168.99 pa kompyuta ya ofesi kapena pa foni ya mlendo ikutanthauza kuti PVID yatsala pa 1 kapena SSID ilibe nambala ya VLAN. Adiresi yolondola koma ping ya ku .1 osayenda, yang'anani firewall. Wi-Fi ya alendo ikamalephera, siyani kulimbana ndi access point kaye. Sandutsani port 5 kwa mphindi zochepa kukhala Untagged 20, PVID 20, mulumikize laputopu. Ikalandira 192.168.20, rauta ndi trunk zili bwino, vuto lili pa port ya access point kapena pa SSID. Pomaliza yesani mpanda: muli pa Wi-Fi ya alendo, tsegulani 192.168.10.20, 192.168.30.10 ndi 192.168.99.2. Zonse zitatu zikane.

Zofufutika magetsi atathima zija ndi vuto lachinayi. Pa ma switch ambiri batani la Apply limangosintha zimene zikuyenda panthawiyo, ndipo pali lina la Save Config losungira mpaka kalekale. Pa Cisco ndi copy running-config startup-config. Khalidweli lili ndi ubwino wake: mukalakwitsa musanasunge, kuzimitsa n'kuyatsanso kumakubwezerani pamene munali. Zonse zikayenda, sungani, zimitsani dala, muyatsenso, muone ngati zabwerera. Koperani fayilo ya backup ya switch ndi ya rauta pa fulashi, ndipo pepala la ma port lija limatidwe m'kati mwa chitseko cha kabati. Rauta, switch ndi zipangizo za kampani ya intaneti zikhale pa UPS (batire yosunga magetsi) imodzi, ma access point a PoE apulumukira pomwepo.

Si zonse zooneka ngati za VLAN zimene zili za VLAN. Kebulo isapitirire mamita 100. Makebulo otchipa olembedwa CCA ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa, amathyoka msanga ndipo amataya magetsi a PoE, moti access point imazima n'kuyaka yokha. Gulani Cat5e kapena Cat6 ya kopa weniweni, ndipo ya panja ikhale yopangidwira panja, makamaka kunyanja kumene chinyezi ndi mphenzi sizisowa. Muyezo wa 802.3af umapereka mawati 15.4 pa port, wa 802.3at mawati 30, choncho onani zimene ma access point anu amafuna. Switch wamba yosaseteka mukhoza kuilumikiza pa port ya Untagged, ndipo zonse za pamenepo zikhala mu VLAN imeneyo. Pakati pa trunk musaiikepo, chifukwa zina zimadutsitsa ma tag, zina ayi, ndipo zodutsitsazo zimawamwaza pa ma port onse. Tsegulaninso loop prevention kapena RSTP, zoteteza netiweki kebulo ikalumikizidwa mozungulira, chifukwa wantchito wina tsiku lina adzapeza kebulo ikulendewera n'kuilowetsa m'bowo lopanda kanthu. Mukaona timagetsi tonse ta switch tikuphethira mothamanga nthawi imodzi netiweki itaima, ndi zimenezo.

Ngati ndalama ya rauta palibe panopa, panganinso reset pa switch, muisiye mu VLAN 1, ndipo pa ma access point mutsegule Guest Network pa SSID ya alendo. A Omada ndi a UniFi amatha kuletsa alendo kufika pa ma adiresi a m'kati ngakhale popanda VLAN. Ndi mpanda wa kanthawi, woteteza mbali ya Wi-Fi yokha, koma pulinta ipuma.

Itanani katswiri adzafike pamalopo ngati muli ndi makina olipirira ndi khadi olumikizidwa pa netiwekiyi, ngati mukufuna kukoka kebulo kupita ku nyumba ina, kumene faiba imateteza bwino ku mphenzi, ngati kampani ya intaneti ikufuna tag pa WAN, kapena ngati mwayesa njira ya port 5 ija koma laputopu ikulandirabe 169.254. Akabwera, pemphani kuti akusiyireni mapasiwedi onse, mafayilo a backup ndi pepala la ma port asanalandire malipiro otsala. Ntchitoyi ichitike m'mawa wa pakati pa sabata alendo ali ochepa, osati Lachisanu madzulo.